Khadi la Galimoto Yofiira

Lolemba, 12 Okutobala 1998

Cholakwa chinayamba Lolemba pa 7 Malichi 1994, nthawi ya 09:20, mu ofesi ya Goodwell Siame, mkulu wa zamagalimoto pa kampani yathu yonyamula feteleza. Lero ndi tsiku la 1,680. Nkhaniyi ndimailemba patsamba loyamba la buku lililonse latsopano, kuti buku lidziwe mwini wake.

Lole nambala 14 inathyoka msana pamsewu wa ku Mazabuka itasenza matumba 600. Mabwana anati ine, Ferdinand Miti, woyeza magalimoto kwa zaka 23, ndinasaina khadi loilola kuyenda ndisanalowe pansi pake. Bodza. Ndinalowa Lachisanu pa 4, ndinagogoda chitsulo chonse ndi hamala yanga, ndipo ndinalemba ndi inki yofiira kuti ISAYENDE. Khadilo linasowa. Kutatsala miyezi isanu kuti ndipume ndi ulemu, anandipumitsa ndi manyazi, nagwira ndalama zanga zonse. Kampani inafa mu 1996. Mafupa ake ali m'manja mwa munthu wa tayi ku Lusaka, woikidwa kuti alipire ngongole zake, amene amayankha kalata imodzi mwa zisanu ndi zinayi.

Zimenezo zakwana. Lero kuli nkhani ina.

Kalata ya Winfrida! Envelopu yonenepa, masitampa atatu a ku Kanada. Mwana wanga woyamba, namwino, chaka chachiwiri kunja. Wapeza ntchito yatsopano: kuyendera okalamba m'nyumba zawo kumafamu, makilomita 40 kupita, 40 kubwera, tsiku ndi tsiku. Basi kulibe. Chipale chofewa chiyamba kugwa mu Novembala, ndipo akuti msewu umasanduka galasi. Afunika galimoto yaitali miyendo, yokoka ndi mawilo onse anayi, yogula kwa munthu. Ndalama wasunga zokwanira imodzi yokha. Ikakhala yoipa, yachiwiri palibe.

Zithunzi zisanu ndi chimodzi, ziwiri pa galimoto iliyonse. Timapepala titatu todula m'nyuzipepala. Ndi mzere uwu, umene ndauwerenga kanayi: "Atate, pa za galimoto palibe wina amene ndimamukhulupirira. Mundisankhire ndinu, ndigule mwezi uno usanathe."

Masiku 1,680 popanda munthu wondifunsa ngakhale za njinga.

Mkazi wanga Elina anaitana kawiri, kachitatu anati nshima yazizira. Ndinadya yozizirayo. Inakoma.

Lachiwiri, 13 Okutobala. Tsiku la 1,681

Kudzuka 05:00. Tebulo la pabalaza ndalivula nsalu ndi maluwa apulasitiki a Elina. Rula, galasi lokulitsa zinthu, mapensulo awiri, inki yabuluu ndi yofiira. Makhadi oyezera atatu, mwa khumi ndi awiri amene ndinatuluka nawo m'thumba la ovolosi tsiku lija. Sindinabe. Anali m'thumba.

Yofiira: ya 1993, makilomita 61,000. Mwini wake mayi wa m'tauni yaikulu, ankangopita nayo kuntchito. Kunyezimira ngati tomato wa pamsika m'mawa.

Yoyera: ya 1991, makilomita 118,000. Ya pabwalo logulitsira magalimoto, timbendera pamwamba pake.

Yobiriwira: ya 1989, makilomita 174,000. Ya mlimi wokalamba. Utoto wofwifwa. Galu wakhala pambali pake, kuyang'ana wojambula.

Yofiira ndiyo ikutha thumba lonse la mwana. Zinazo zikusiyako pang'ono.

Vuto limodzi: chipale sindinachionepo. Matope ndiwo ndimawadziwa, zaka 23 za malole otitimira m'madambo a mtsinje mu Febuluwale. M'matope pafunika zitatu: mimba yokwera, mano a matayala, ndi giya yaing'ono yokoka modekha. Matope ndi madzi, chipale ndi madzi. Mwina kusiyana ndi mtundu chabe. Koma woyeza saganizira, amayesa.

Munthu mmodzi yekha ndimamudziwa muno mu Kafue amene anapondapo chipale: Cephas Daka, injiniya wakale, zaka zitatu ku Jeremani pamaphunziro, lero woweta nkhuku kuseri kwa nyumba yake ku Estates. Ndinapita. Ali kumaliro ku Petauke, masabata awiri. Sindingadikire. Kalata nayonso ifuna masiku ake panjira.

Kutentha kwa lero koopsa. Chipale m'mutu, thukuta m'khosi.

Lachinayi, 15 Okutobala. Tsiku la 1,683

Kuyesa kwachitika!

Ba Christine, oyandikana nafe, ali ndi firiji yaikulu yosungira nsomba zamalonda, ndiponso foni yokhayo pamzere wathu wa nyumba. Ndi komwe Winfrida amaimbira, Sondo loyamba la mwezi, 15:00. Ndinapempha kupala madzi oundana a m'mbali mwa firijiyo. Beseni limodzi lodzaza. Ndinawathira pasimenti ya pakhonde, ndinawapondereza ndi thabwa, ndinakokapo zidutswa ziwiri za matayala, chosalala ndi cha mano, chilichonse ndi njerwa pamwamba. Chokokera: sikelo yawo ya nsomba. Chosalala chinayamba kuyenda pa kilogalamu imodzi ndi theka. Cha mano, pa zinayi. Patatha mphindi zisanu ndi ziwiri Kanada yense anasungunuka, nayenderera kumaluwa.

Ba Christine anati, "Ba Miti, manje mwayamba kusewera na ma aisi monga bana? Nsomba zanga zikaola muzalipila." Ndinayamba kuwafotokozera mmene tayala limagwirira pansi. Analowa m'nyumba ndisanafike pakati.

Pobweza beseni ndinaterereka ine mwini pa kachidutswa kotsala. Chigongono chakumanzere. Ndinaseka ndili pansi, kenaka ndinaleka. Kachidutswa konga dzanja kagwetsa munthu wamkulu. Nanga makilomita 40? Mwana yekha m'galimoto, kutangocha, nkhalamba ina ikumudikira ndi jakisoni wake.

Zolembera Winfrida: matayala anayi a mano, onse a mtundu umodzi. Batire latsopano, poti kuzizira kumapha batire. Hita iyesedwe asanalipire. Fosholo, bulangete ndi tochi kumbuyo. Pamadzi oundana buleki ndi mdani; potsetsereka atsike ndi giya.

Loweruka, 17 Okutobala. Tsiku la 1,685

Chigamulo.

Yoyera yagwa poyamba. Ndi galasi lokulitsa: chitseko chakumbuyo chakumanja n'choyera mosiyana ndi chinzake, ndipo mpata wa m'mbali mwa boneti ndi waukulu kumodzi. Inagundidwapo, anaiwongola. Timbendera sitingandibisire zimenezo ine. ISAYENDE.

Yobiriwira yandikwiyitsa. M'chithunzi chachiwiri, m'munsi mwa zitseko muli mzere wakuda wonyowa, ndipo pasimenti pomwe yaima pali madontho a oilo. Ndawerenga: khumi ndi anayi. Galimoto yokodza pamaso pa kamera! Mlimiyo alibe ndi manyazi omwe, sanaisunthe n'komwe asanajambule. M'galaja yanga dontho limodzi linali mlandu. ISAYENDE, ndi mizere iwiri kunsi.

Yofiira. Mipata yonse yofanana. Mano a matayala akuya. Ndayeza ndi rula poyerekeza ndi nati ya wilo. Pansi pouma, simenti yoyera ngati ya m'tchalitchi. Makilomita ochepa, mwini mmodzi. Inki yabuluu: IYENDE. F. Miti, 17.10.98. Dzanja silinaiwale siginecha. Mchira wa M uja unatuluka wokha. Khadi lokongola, lopanda ndi banga lomwe. Ndakopera onse atatu m'faelo monga mwa nthawi zonse.

Elina anaima pakhomo ndi lichero, anati, "Atate a Wini, mwasaina muli pampando? Ine ndimayesa khadi amasaina munthu ali ndi fumbi kumsana." Ndinawauza kuti pakati pa ine ndi galimotoyo pali nyanja yathunthu, ndipo diso la zaka 23 ndi dzenje la m'galaja palokha. Anati, "Ehe," napita kukapeta.

Lolemba, 19 Okutobala

Ku positi ofesi 08:00, woyamba pamzere. Makhadi atatu ndi kalata ya masamba anayi. Ndalipira yachangu, yofika m'masiku khumi. Ndalama ya malasha yapita pamenepo. Elina sanadziwe. Adzadziwa.

Kalaliki anafunsa za m'katimo. Ndinati malipoti a ukatswiri opita ku Kanada. Ndivomereza kuti ndinakweza mawu pang'ono. Pamzere panali anthu awiri amene ankagwira nafe pakampani. Amve.

Ndipo amvadi. Pofika pafupi ndi siteshoni ya sitima nkhani inali itandipitirira kale. Anandiimitsa Lastone, mwana wa malemu dalaivala wathu Mweene, bambo wa ana atatu tsopano, wopemphera kwambiri, amene anasiya kugulitsa salaula, zovala za kaunjika, n'kuyamba kuitanitsa magalimoto akale a ku Japani. Anati, "Ba mudala, namvela ati manje mupima mamotoka ya ku Kanada! Yanga ifika Mande, fowilu yokoka mawilo onse, monga ya nyuwani. Mubwele muilembele khadi. Kasitoma akaona siginecha yanu azalipila na kumwetulila."

Awiri m'sabata imodzi! Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba, dzuwa lonselo, osamva kutopa.

Loweruka, 24 Okutobala. Tsiku la 1,692

Ndaona tsopano kuti Lolemba sindinalembe nambala ya tsiku. Koyamba chiyambire. Inali 1,687.

Tsiku la Ufulu. Ng'oma za ana asukulu ku boma. Goodwell anadutsa m'minibasi yake yachitatu, yatsopano, anandikwezera dzanja. Langa linali ndi ntchito m'thumba. Minibasi zake sindinakwerepo, ndipo sindidzakwera.

Ndachapa ovolosi. Hamala ndaipukuta. Magalamu 640, chogwirira cha mtengo wa mukwa chimene ndinasema ndekha mu 1971. Wini ali wamng'ono ankanditsatira kugalaja Loweruka, ankatsika nane m'dzenje amake osadziwa. Ndinamuphunzitsa kumvera: chitsulo chamoyo chimati ngii, chodwala chimati bu. Iye ankati hamala ikuimba. Tsiku lina anabwera kunyumba ndi girisi m'tsitsi, ine ndinagona ndi njala.

Kalata tsopano ili pamwamba pa nyanja, m'mimba mwa ndeke.

Lachiwiri, 27 Okutobala. Tsiku la 1,695

Ndilemba mwadongosolo.

Galimoto ya Lastone: yabuluu, ya 1992, makilomita 58,000, yaima pansi pa mtengo kuseri kwa msika. Mipando yovala maleisi oyera. Kumbuyo ndinapeza maunyolo a matayala ndi kachitsulo kopalira galasi. Lastone anati yachokera kumpoto kwa Japani, kwa chipale. Galimoto ya kuchipale yabwera yokha ku Kafue kudzandiphunzitsa! Pamwamba ndinaipatsa zonse. Mipata yofanana. Utoto ngati kalirole. Pansi pouma, dontho ngakhale limodzi ayi. Mapasa ndi yofiira ya Wini, kusiyana mtundu.

Lastone anandipatsa cholembera ndili chiimire. "Sainani chabe, ba mudala. Iyi tinaipemphelela pa doko, ilibe chilema." Ndinati pemphero ndi labwino, koma abweretse katoni. Ndinayala, ndinagona chagada, ndinalowa.

Kugogoda koyamba, kutsogolo: ngii. Kwachiwiri, pakati: bu. Kwachitatu, pamwamba pa wilo lakumbuyo, pomwe sipuling'i imagwira msana wa galimoto: hamala inalowa. Inalowa ngati chala m'chitumbuwa. Dzimbiri linandigwera kumaso, makoko makoko ngati khungwa la mtengo wouma. Mapaipi a mabuleki otupa, onyenyeka ndi chikhadabo.

Dzimbiri limenelo ndimalidziwa. Ndi la nambala 14. Feteleza akatayika m'matumba n'kunyowa, amadya chitsulo kuchokera kunsi ndi m'kati, utoto pamwamba uli bwinobwino. Ndinafuula ndili pansi pomwepo kuti galimotoyi inkanyamula feteleza. Lastone anati, "Feteleza mu motoka ya maleisi? Ba mudala, zuba yakumenyani."

Ndinamulowetsa pansi kuti aone yekha. Atatuluka anakhala pabampala, Baibulo pabondo. Ndinamva chisoni. Ndinamuuza zimene wowotcherera angakonze ndi zimene sangakonze, ndi kuti asagulitse munthu mapaipi aja asanasinthe. Khadi: ISAYENDE. Chala changa chakuda pakona, monga kale.

Koma feteleza wachokera kuti ku Japani?

Lachitatu, 28 Okutobala. Tsiku la 1,696

Cephas wabwera. Ndinamupeza akuthira madzi a nkhuku, ndinamufunyululira dzimbiri m'kapepala. Sanadabwe n'komwe.

Anati, "Mchere, Fedi. Chipale chikagwa amathira mchere m'misewu, malole ndi malole, kuti chisungunuke. Nyengo yonse galimoto imasambira m'madzi amchere. Za m'matauni akuluakulu ndizo zimaola msanga, poti kumeneko ndiko amathira kwambiri."

Mchere. Wa ndiwo. M'misewu.

Ndinafunsa ngati pali chodzitetezera. Anati ochenjera amapopera oilo kunsi konse chaka ndi chaka kuzizira kusanayambe, mpaka m'kati mwa zitseko. Galimoto imadontha sabata yathunthu, ndipo anthu aukhondo amanyansidwa nazo.

Madontho khumi ndi anayi.

Ndinakhala pansi pathumba la chakudya cha nkhuku. Mu Ogasiti 1991 ine ndemwe ndinalembera Goodwell kupempha kuti malole a feteleza tiziwapopera oilo wakale kunsi. Anakana, anati tiipitsa bwalo. Kope la kalatayo lili m'faelo yachiwiri. Nzeru yanga yomwe, mlimi wa ku Kanada waichita, ine ndaiona ndi galasi lokulitsa, ndaipatsa inki yofiira ndi mizere iwiri.

Ndipo yofiira ija: ya m'tauni yaikulu, nyengo zisanu za mchere, youma kunsi ngati fupa. IYENDE. F. Miti.

Masiku 1,696 ndakhala ndikuuza aliyense, wa tayi, abusa, ometa tsitsi, kuti ine sindinasainepo khadi ndisanalowe pansi. Pa 17 Okutobala ndinasaina. Osati la kampani. La mwana wanga.

Kalata ifika mawa. Ndinalipira ndekha kuti ifulumire.

Lachinayi, 29 Okutobala. Tsiku la 1,697

Ndawauza Elina zonse, za malasha zomwe. Sanakumbutse za lichero. Anamasula mfundo ya chitenje, nandipatsa ndalama za chilimba chawo, zija amasonkherana amayi, zokwanira foni yakunja ya mphindi zitatu.

Ku positi ofesi. Ndinadikira 14:00 kuti kwawoko kukhale kutacha. Mawu ndinalemberatu papepala, ndime zitatu, kuti ndisataye nthawi.

Inalira kanayi. Mawu a Wini, m'Chingelezi. Ndinayankha moni, iye osaleka kulankhula. Kenaka mluzu. Makina! Ndinamvapo za makina olandira mauthenga, koma sindinalankhulepo nawo. Ndinaima njo, ndinayamba ndime yoyamba monga mwa dongosolo: moni, za bondo la amake, kuti kalata yake inafika bwino pa 12. Ndime yachiwiri: "Tsono za galimoto yofiira ija, mwanawe..." Mluzu wachiwiri. Zii.

Kalaliki anati makinawo amapatsa munthu theka la mphindi, ndipo ndalama zapita poti foni inayankhidwa.

Tsono mwana akamvera, adzamva atate ake akutchula yofiira ndi mawu a munthu wotsimikiza. Ndathira mafuta pamoto ndi ndalama za chilimba.

Elina anati, "Nyumba ikupsa, inu kuyamba ndi muli bwanji." Zoona.

Madzulo mvula yoyamba, ya mphepo. Fungo la fumbi lonyowa. Chaka chilichonse limandikondweretsa.

Lachisanu, 30 Okutobala. Tsiku la 1,698

Cephas wagulitsa nkhuku zinayi, wandipatsa ndalamazo osawerenga. Koma mphepo ya dzulo yagwetsa mtengo pamawaya kufupi ndi mafakitale. Mafoni onse a Kafue afa. Kuimba n'ku Lusaka.

Pamsewu minibasi imodzi yokha inali pafupi kudzaza. Yatsopano. Yachitatu ija.

Ndinakwera. Ndalemba kuti zidziwike: pa 30 Okutobala 1998 Ferdinand Miti analipira ndalama m'galimoto ya Goodwell Siame. Giya yachitatu ikulira kale. Sindinauze munthu.

Lusaka, mzere wautali, foni 15:30. Makina omwe aja. Ulendo uno wopanda pepala: "Wini, usagule yofiira. Mchere. Lowa pansi. Ndine atate ako." Nthawi inatsala yambiri, ndinabwerezanso kawiri.

Kwawoko inali 08:30. Ngati ali panyumba, bwanji osanyamula? Ngati palibe, wapita kuti m'mawa wa Lachisanu, kalata itafika dzulo?

Loweruka, 31 Okutobala. Tsiku la 1,699

Mawaya alumikiza masana. Foni ya Ba Christine yalira kawiri, onse ofuna nsomba.

Chipale chimayamba mu Novembala. Mawa ndi Novembala.

Sondo, 1 Novembala. Tsiku la 1,700

Kwa Ba Christine 14:10, ine ndi Elina, pasofa, ngati odikira dokotala. Inalira 15:04.

Mawu ake oyamba, akuseka: "Atate, mwandipha ndi makina aja! Uthenga woyamba ndinayesa mukuwerenga nkhani pawailesi."

Ndinafunsa ngati wagula. Anati wagula. Ndinagwira khoma.

Ndilemba monga anafotokozera. Kalata inafika Lachinayi. Lachisanu m'mamawa anakwera basi kupita kutauni yaikulu, cheke m'chikwama, khadi langa m'manja. Uthenga wa ku Lusaka anaumva madzulo atabwerako, ntchito itatha kale. Mayi uja anali ataitsuka yofiira, ikuwala pabwalo. Wini anatulutsa khadi kuti aliwerengenso asanalembe cheke.

"Ndiye ndinaliyang'ana, Atate. Makhadi anu onse ndimawakumbuka, anali ndi chala chakuda pakona. Ili loyera ngati loitanira ukwati. Ndinati, apa atate sanalowe pansi. Ndilowe ndine."

Anapempha katoni ndi sipanala ya mawilo. Anagona chagada pasimenti yozizira, atavala chijasi chake cha kutchalitchi. Mayi uja anafunsa ngati wagwetsa ndolo.

"Kutsogolo ngii. Kumbuyo bu, bu, kenaka sipanala yonse phi! Dzimbiri mpaka m'kamwa, Atate. Ndinathokoza mayi aja, ndinawauza asayende nayo ndi ana, ndinanyamuka."

Loweruka anapita kwa mlimi. Analowanso pansi. Oilo paliponse, chijasi chatheratu. "Koma ikuimba, Atate! Kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, ngii, ngii, ngii!" Mlimiyo anatulutsa chitini cha mabisiketi: malisiti asanu ndi anayi a kupopera oilo, chaka ndi chaka, omangidwa ndi mphira. "Munthu wa mafaelo ngati inu. Mukanagwirizana."

Wagula yobiriwira. Zotsala zakwanira matayala anayi a mano ndi batire. Hita ikuotcha miyendo. Fosholo, bulangete, tochi, zonse zili kumbuyo. Galu yekha ndiye anakana kugulitsa. Ndipo lero m'mawa chipale choyamba chagwa, chopyapyala ngati ufa pamphasa. Wayenda mpaka pamphambano ndi giya yaing'ono, buleki osaigunda, monga ndinalembera.

Ndinati, mwanawe, ndinalakwa. Mawu amenewa sanatulukepo m'kamwa mwanga chiyambire 1994, ndipo anatuluka movuta ngati nati ya dzimbiri. Iye anati, "Aa, Atate. Nanga anandiphunzitsa kugona pakatoni ndani?"

Elina analanda foni, namaliza mphindi zotsala akumukalipira za chijasi. Ba Christine analuluta osadziwa chimene akululutira.

Ikuimba! Mwana wanga, pansi pa galimoto, ku Kanada, ndi sipanala!

Lolemba, 2 Novembala

Ntchito za lero, zitatu.

Yoyamba. Khadi lachisanu mwa khumi ndi awiri aja. Galimoto: yobiriwira, 1989. Chigamulo: IYENDE. Woyeza: W. Miti. Malo a siginecha ndasiya, asaine yekha ndi kudinda chala chake. Kope la khadi la yofiira lili m'faelo momwe linali, siginecha yanga ili pomwepo. Ndinaganizapo zoling'amba. Ayi. M'nyumba ya Miti khadi silisowa.

Yachiwiri. Hamala ndaikulunga m'mwendo wa ovolosi yakale, pamodzi ndi khadilo. Ipita ndi positi yapamadzi, miyezi itatu. Ikafika chipale chisanathe. Sipanala si chida choyezera, imanamiza khutu. Elina anati, "Nanga mnzake wa Lastone amene wakuitanani kukayeza galimoto Lachinayi, mukagogoda ndi chiyani, chipande changa?" Ndigula mutu wina pamsika. Mukwa ulipo kuseri. Ndisema mawa.

Yachitatu. Kalata nambala 47 kwa munthu wa tayi. Ndalembamo monga kale: nambala 14 ndinalowa pansi pake Lachisanu pa 4 Malichi 1994, ndinagogoda, ndinalemba ISAYENDE. Koma chiganizo chija cha m'makalata onse 46, chakuti sindinasainepo khadi chiyambire ndisanalowe pansi, ndachichotsa. Si choonanso, ndipo ine sindilemba chosaona. Kalata yafupika ndi mzere umodzi.

Zina zonse zili momwemo. Tsiku la 1,701. Ndalama zanga zimene akadali nazo: K9,746,300.